Ganeti Wofiira Pachitsa

Modesta anali kuyanika zovala kuseri kwa nyumba pamene anaona mwamuna wake akuika kamwala kofiira pachitsa. Yotamu anatsokomola, nkhope atalozetsa kumbali, nachoka mofulumira. Posakhalitsa m'nthochi munatuluka mtsikana woyembekezera, atadzifunditsa nsalu ya chipani kumutu mpaka pachibwano. Anatola kamwalako, nabwerera kumene anachokera.

Kamwalako Modesta ankakadziwa bwino. Iye anali namwino wa ku Dedza, wogwira ntchito ku Karonga Boma, ndipo kumeneko ndi kumene Yotamu, bambo wachikulire amene mkazi wake woyamba anamwalira, anamufunsira. Yotamu ankasefa miyala ya ganeti m'mitsinje ya kumapiri mvula ikakokolola mchenga. Tsiku lina anaiyala pathebulo, namufotokozera kuti yonseyo ndi ya banja limodzi ngakhale imasiyana maonekedwe. Wachikasu ngati uchi, amati umateteza wapaulendo. Wobiriwira ngati tsamba lanthete umakhazika mtendere m'nyumba. Wofiira, umene unali umodzi wokha, okumba amati umagwira magazi a munthu kuti asatayike, ndipo amaupereka kwa iye amene moyo wake akuuopera. Modesta anapatsidwa wobiriwira. Wofiirawo unabwerera m'thumba, ndipo iye anadzitonthoza kuti tsiku lake lidzafika.

Uwu unali ulendo wake woyamba kwawo kwa mwamuna, ku Iponga, ndipo Chinkhonde sankachimva. Koma maso anali nawo. Yotamu akamayenda m'njira, mtsikanayo ankapatukira m'nthochi. Mtsikanayo akamatunga madzi, Yotamu ankazungulira kukhola la ng'ombe. Pamaso pa anthu sanapatsanepo moni. Anthu osadziwana sapewana mwaluso chotero, anatero Modesta mumtima. Ndipo mimba ija anaiyesa ndi diso la unamwino, napeza kuti inayamba iye asanalowe m'banjamo. Kufunsa sanafune, anaopa kusekedwa kuti mkazi wophunzira akulimbirana mwamuna ndi kamtsikana kakumudzi.

Lamlungu potuluka m'tchalitchi, abale anasonkhana pabwalo. Yotamu anakhala pampando akumwa chambiko ndi mlongo wake Lettie. Modesta anaona nsalu ija ikudutsa mozemba kumalire a nthochi. Anaimirira, nakamugwira dzanja mtsikanayo, namukokera pakati pa bwalo. Mtsikanayo anakana, anagwada, analira m'chinenero chake, koma Modesta anali ndi mphamvu za wonyamula odwala. Anavundukula nsaluyo. Kamwala kofiira kanali pakhosi, katamangidwa mu ulusi.

"Bambo, muyang'aneni pano anthu akuona," anatero Modesta ndi mawu ozizira. "Munene kuti ndi ndani wanu."

Yotamu anali atamuyang'ana kale. Chikho chinagwa m'manja mwake, ndipo anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Azimayi onse anatembenukira kumbali. Mtsikanayo tsopano anali chafufumimba pafumbi, akulira.

Lettie anatola nsaluyo, namufunditsa, kenaka analankhula pang'onopang'ono m'Chichewa chake cholemera.

"Mulamu, uyu ndi Yunike, mkazi wa Kenan, mwana wa amuna anu amene ali ku migodi ya ku Joni. Kuno mkamwana ndi apongozi ake aamuna saonana nkhope mpaka imfa. Chikwatiwire mwana uyu, anali asanaonanepo."