Ndodo Yatsopano, Bwato la Bambo

Nsomba itakoka, ndodo yowedzera yatsopano ya Torleif inapindika ngati uta, koma osathyoka. Amene anamugulitsa ndodoyo sananame.

Nsomba ya salimoniyo inathawira kumunsi kwa mtsinje, chingwe chikunka chikutha. Torleif anaitsatira mpaka madzi ozizira anamufika m'chifuwa. Kutsogolo kunali dziwe lakuya. Kubwerera kunali kuitaya.

"Chinsomba chimenecho!" anakuwa Sindre, mkulu wake wa Torleif, ali kumtunda. "Usakoke, chitsiru iwe! Ndikatenge bwato la bambo tichilondole!"

Sindre anathamangira kumtengo kumene malemu bambo awo ankamangirira bwatolo.

Torleif sanacheuke. Bwatolo linali m'manja mwakemo, litasanduka ndodo yonyezimira, ndipo anali asanauze munthu kuti analigulitsa.

Chingwe chinatha. Kumtengo kuja, Sindre anaitana dzina lake.