Koyilo Yachinayi

Taonga anakhala pa chitini cha penti mu shopu ya bambo ake pamsika wa Mzimba, laputopu pamiyendo, akukanda tsitsi lake lomangidwa ndi ulusi wobiriwira monga mwa nthawi zonse. Ankalowetsa koyilo, mpukutu wa waya wa m'mota, imodziimodzi m'pulogalamu yoyesera mamota imene amaphunzira kuyunivesite. Iliyonse ankaiuza zinthu zitatu: waya wazungulira kangati, magetsi ndi ochuluka bwanji, ndi mbali imene kamuvi kaloze posonyeza kolowera magetsiwo.

Mota yeniyeniyo inali pansi, yakuda bii, ikununkha vanishi wopserera. Inali ya chigayo cha a Bestone a ku Engutwini. A Malizani, bambo ake a Taonga, anaikulunga mawaya atsopano mu Ogasiti, pa holide imene mwanayo ankawathandiza, koma inangogaya matumba awiri n'kupsa. A Bestone pakamwa sapatseka. Boma lonse linamva kuti a Malizani maso atha, ndipo kwa miyezi itatu palibe anabweretsa ngakhale kapampu.

Taonga ankafuna kuyeretsa dzina la bambo ake. Anayamba n'kuchepetsa magetsi, poganiza kuti mwina mphamvu inagwa tsikulo. Mota ya pa sikirini inangozungulira bwinobwino ngati ikumuseka.

"Zimitsa chinthu chakocho," anatero a Malizani osamuyang'ana, akumanga waya ndi ulusi wawo woyera umene sanausinthepo zaka makumi atatu. "Zapsa zapsa, mbwenu."

Taonga anawamvera chisoni, komanso zinamupsetsa mtima. Munthu wosalakwa angakanirenji umboni womuthandiza?

Anayamba kutembenuza timivi. Koyamba, ayi. Kachiwiri ndi kachitatu, ayi. Atatembenuza kachinayi, mbali imodzi ya chithunzi inafiira psuu, pamalo enieni pamene mota yapansiyo inapsa kwambiri. Koyilo yachinayi inalumikizidwa chotembenuza. Magetsi analibe mlandu, ndipo a Bestone, ndi kulongolola kwawo konse, ankanena zoona.

Anayang'ana bambo ake ndi magalasi awo othyoka mwendo. Awauza bwanji kuti ntchito yawathera m'manja?

"Adada, ndapeza pamene panalakwika."

"Nkhumanya, mwana wane, ndikudziwa. Ndinaona tsiku lomwe anaibweza."

"Ndiye munangokhala chete bwanji, anthu akukunyozani?"

Taonga anagwada n'kupala mwaye pa koyilo yachinayi ndi chikhadabo. Zina zonse zinali zomangidwa ndi ulusi woyera. Iyi yokha inali ndi kamfundo kobiriwira, kopserera mbali imodzi, kamene anamanga yekha Loweruka lija bambo ake atapita ku maliro ku Embangweni n'kumusiyira kuti amalizitse.