Nsungwi ya Mkamwini Wanga

Musamatsokomole pagulu, ana inu. Chibwerereni lamulo loti wopulumutsa munthu pangozi sakhoma msonkho chaka chimenecho, aliyense m'mudzi muno amayenda ndi wenzulo m'khosi, maso ali pa ine nkhalamba. Ndikangopunthwa, andinyamula kale pamachira.

Wovutika ndi mkamwini wanga, a Chikakuda. Apongozi sagwidwa, sayang'anidwanso kumaso, ndiye ondipulumutsa amakhala akunja, mkamwiniyo n'kumakhoma msonkho. Mwana wanga anandidandaulira kuti, "Amayi, a msonkho atilanda mbuzi. Takagwaniko kudambo."

Ine misundu ndimaiopa, koma ndinapita. Nditaponda m'matope ndinakuwa. A Chikakuda anafika ndi nsungwi yaitali, nanjuta, nandifulatira mwaulemu.

"Gwirani, amayi!"

Pamenepo n'kuti aneba athu, a Msonthi, atadumphiramo kale kuti andipulumutse iwo, natitimira mpaka m'chiuno. Amene anagwira nsungwiyo ndi iwowo. Mkamwini anakoka osacheuka mpaka kumtunda.

"Koma amayi, mukulemera bwanji!"

A Chikakuda anawakhululukira msonkho popeza anapulumutsa munthu, mbuzi zilipo. Ine ndinatuluka ndekha chokwawa, misundu ili m'miyendo. Kudambo musamapiteko, mwamva?