Kazenera Kokhoma

Nowa anawaona komaliza ali moyo achimwene ake, a Masautso, Lachitatu masana, akukangana m'sitolo yawo ya mbewu ndi feteleza pa Nsaru. Nkhani inali ya kompyuta.

Pulogalamu yolembera katundu m'sitolomo anaipanga ndi Nowa yemweyo, ndi nzeru za chaka chimodzi cha ku koleji, a Masautso asanamuitanitse kuti adzathandize kugulitsa. Mkati mwa pulogalamuyo anaikamo kazenera kolowera pa intaneti, koonera mitengo ku kampani yowapatsa mbewu. Koma kazenerako anakakhoma. Kankatsegula tsamba la kampaniyo lokha. Ena onse kankawakana, n'kumasunga mobisa adiresi iliyonse yokanidwa.

Tsikulo a Masautso anapempha kachisanu kuti akamasule. Chifukwa sananene. Nowa anawayankha kuti munthu womuchotsa pasukulu sangamulamule pa za kompyuta, ndipo ngati akufuna kubetcha mpira agule foni yeniyeni, asiye kafoni kamabatani kawo kaja. A Masautso anangotenga chipewa. Madzulo ake njinga yamoto imene anakwera inawombana ndi lole ya fodya pamsewu wa ku Namitete.

Atameta maliro, mkazi wa malemuyo, Enelesi, anabwera kusitolo. Anati amayi kusiwa ankanong'onezana kuti mwamuna wake ankadzitsekera ndi kompyutayo masana aliwonse, ndipo mwamuna sadzitsekera chabe.

"Alamu, makinawa mumawadziwa ndinu. Ndiuzeni zoona. Kodi kunali mkazi?"

Nowa anatsegula fayilo yosunga maadiresi okanidwa aja. Mizere makumi anayi ndi itatu. Adiresi imodzimodzi, yaifupi, ya zilembo zosokonekera zosasonyeza kumene ikupita. Tsiku ndi tsiku, cha m'ma 12 koloko, kazenera kakukana, iwo osatopa.

Mtima unamutentha. Iye ankanyamula matumba a feteleza mpaka msana kuwawa, anzake akulemba mayeso ku Lilongwe. Mwini sitolo, mkulu wampingo, wolalikira za kudziletsa, ali pampando kufunafuna njira yozembera. Anauza mlamu wake kuti akhale pansi, aone yekha munthu amene wamulirira sabata yathunthu. Enelesi sanakhale. Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri.

Chokhomacho chinali mzere umodzi wokha. Nowa anaufufuta, n'kulowetsa adiresi ija. Netiweki ya pa Nsaru inachedwa monga mwa masiku onse. Tsamba linayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba.

Choyamba kuoneka chinali chizindikiro cha koleji yake. Kenako fomu ya ophunzira osiyira panjira ofuna kubwerera, yoti adzaze mkulu wowasamalira. Pansi pake, m'zilembo zofiira, panalembedwa kuti kulembetsa kunatsekedwa.

Tsiku lomaliza linali 31 Meyi 2024, Lachisanu la sabata ya maliro ija.