Makina a Kapuchino a Fauzia

Ku Nkhotakota, chakufupi ndi ku Bua, kunali mayi wina dzina lake Fauzia. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo mayiyo alipobe.

Fauzia anali telala. Makina ake osokera ndiwo ankadyetsa ana ndi kuwatumiza kusukulu, chifukwa mwamuna wake, Yakubu, anali ku Joni zaka zambiri akugwira ntchito mu lesitilanti. Zotumiza zinkabwera mwa apo ndi apo. Mayiyu anatopa. Anatopa ndi kusoka, anatopa ndi kudikira, anatopanso ndi anthu omufunsa ngati ukwati ulipobe.

Tsiku lina Yakubu anaimba foni.

"Mayi a Ummy, ndikubwera mwezi wamawa," anatero, kenako nkuseka. "Koma kumeneko ndizikamwa chiyani m'mawa? Kuno timamwa kapuchino, khofi wa thovu la mkaka pamwamba."

Mwamunayo ankangocheza, koma Fauzia anazitengera kumtima. Anaganiza kuti akapanda kumupeza khofi ameneyo pakhomo, abwereranso ku Joni.

Anapita kwa mkulu wake Sharifa, amene amagwira ntchito pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja.

"Achemwali, makina a kapuchino otchipa ndingawapeze kuti?"

"Iwe, usavutike," anatero Sharifa. "Pali kapoto kena kophikira khofi, kamakhala pa mbaula, mtengo wake ndi wabwino. Mkaka umangoutenthetsa nkuupukusa, thovu latuluka. Koma ngati wakakamira makina, ufunse kaye kuti mkatimo mumalowa chiyani, ndipo chimagulitsidwa kuti."

Fauzia anavomera ndi pakamwa pokha. Munthu wochokera ku Joni nkumamuphikira pa mbaula? Anaona ngati nzochititsa manyazi.

Atapita ku Dwangwa kukagula ulusi ndi mazipi, anakumana ndi bambo wina wovala bwino atanyamula katoni. Munali makina a kapuchino ofiira, onyezimira.

"Mayi, awa ndi akunja enieni. Abwana anga akusamuka, ndiye tikugulitsa motaya."

Analowa naye mu shopu ya mnzake momwe munali magetsi. Anatenga kakapu kakang'ono ka pulasitiki kotsekedwa pamwamba, ka khofi, ndi kena ka mkaka, nkuponya m'makinamo. Anadina batani. Khofi anatuluka, thovu lili nyambwinyambwi. Fauzia atalawa, funso la Sharifa analiiwaliratu.

"Timakapu timeneti ndikupatsani katoni yonse, mahala," anatero bamboyo.

Ndalama zinali zosakwana. Bamboyo atamva kuti ndi telala, anati palibe vuto, angosinthana. Mawa lake anabwera pa njinga yamoto, anamangirira makina osokera aja kumbuyo, ulendo. Fauzia anaima pakhonde mtima ukupweteka, koma anadzitonthoza kuti mwamuna akabwera ndi ndalama za ku Joni amugulira ena atsopano, amagetsi.

Yakubu anafika atawonda, ndi chikwama chimodzi. Mukudziwa mmene zimakhalira munthu akabwera kuchokera kutali. Asanapume nkomwe, pakhomo panadzaza: amalume, apongozi, anzake a ku mzikiti pamodzi ndi Shehe, oyandikana nawo, onse kudzalonjera.

Fauzia anapanga kapu yoyamba, anagwada, napereka kwa mwamuna wake. Koma pambali panali amalume ake a Yakubu, ndipo munthu sungamwe wamkulu akukuyang'ana. Yakubu anapereka kapuyo kwa amalume.

"Eee! Tiyi wanji uyu wa thovu?" anatero amalume, nkutembenukira kwa Fauzia. "Apongozi, apatseninso Shehe alawe."

Shehe analawa. Apongozi aakazi analawa. Mbiri inatuluka panja kuti kwa Fauzia kuli tiyi wa ku Joni, ndipo amene anali atatsanzika kale anabwereranso. Ukapatsa uyu, winayu ungamumane bwanji akukuona? Fauzia ankangodina batani, miyendo ikuwawa, maso ali pa katoni ija ikuphwa. Pofika madzulo munalibe kanthu. Yakubu sanalawe ndi dontho lomwe.

Alendo atabalalika, Yakubu anawayang'ana makina aja nkupukusa mutu.

"Awa munawabwereka kuti? Samalola khofi wamba awa, koma timakapu tawo tomweto. Kuno simungatipeze. Ngakhale ku Joni timagulidwa ndi mabwana."

Fauzia anaimbira bambo uja. Foni inali yothimitsa, ndipo mpaka lero ndi yothimitsa.

"Ndimafuna muzimwa zomwe munazolowera," anatero Fauzia chapansipansi, "kuti musabwererenso."

Yakubu anakhala pansi, anavula nsapato pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

"Mayi a Ummy, ine kapuchino ndinkapangira anthu. Mwini wakene ndinkamwa madzi. Lesitilanti inatsekedwa, mapepala anga anatha, ndipo ya basi anandisonkhera anzanga. Sindibwereranso. Njira yonse ndimathokoza Mulungu kuti kwathu kuli makina anu osokera, tidalira amenewo mpaka ndipeze pogwira."

Anayang'ana pakona pomwe ankakhala makinawo. Panali kampando kokha ndi thumba la mazipi atsopano.

"Mwawasunthira kuchipinda?"

Fauzia anangokhala pa kampando kaja, nagwira kumaso.

Phunziro: Musanagule chinthu, funsani kuti chimadya chiyani komanso ngati chakudya chakecho chimapezeka kwanuko. Chotchipa cha munthu wosamudziwa chimadula mawa. Ndipo chida chimene chikudyetsa ana anu musachisinthanitse ndi chosangalatsira munthu musanamufunse mwini wake chimene akusowa. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka amene akudikira wina wochokera kutali.