Zibangili za Esinati

Masiku ano kanema wa mudzi amajambulidwa ndi kamera yobwereka, yoyenda yokha, imene imatembenukira kokhako kumene kwamveka mawu. Munthu amene sanaonekemo sagawiridwa munda.

Esinati samva, ndipo amayankhula ndi manja. Chaka chatha kamera inangomudutsa ngati mtondo uli pakhonde.

Tsiku lojambula litafika, mayi ake anamuveka zibangili zamkuwa m'mikono yonse. Nkhuku anakazitsekera kwa aneba.

"Bambo a Esinati, lero mutseke pakamwa. Ngakhale kutsokomola, ayi."

"Nanga amumasulire ndani?"

"Mukangoyankhula, itembenukira kwa inu."

Kamera italowa pabwalo, Esinati anakweza manja. Zibangili zinalira, ndipo diso la kamera linazungulira n'kuima pa iye. Anayankhula nthawi yaitali, akuloza kudambo, pamtima pake, kenako bambo ake. Chifuwa chinawagwira bambowo, koma anachimeza mpaka misozi inalengeza.

Kamera itachoka, bambowo anafunsa mkazi wawo motsitsa mawu, "Wati chiyani za ine?"

Mayiwo anapitiriza kumuvula zibangili, osawayang'ana.

"Mwanayu wakulira m'nyumba mwanu, akukuyankhulani tsiku ndi tsiku. Mpaka lero mukufunsabe ine?"