Chipilala cha M'mgodi Wathu

Dothi linayamba kundithothokera m'khosi mlamu wanga Zlatko atangomenya chipilala ndi piki.

Kuno ku Coober Pedy, kumene timakumba miyala yamtengo wapatali ya opalo, ngakhale chidakwa chimadziwa kuti chipilala chogwira denga la mgodi sichikumbidwa. Koma mzere wa opalo wotuwa, uja wopanda mitundu amene timangotaya kunja, unali utalowa m'menemo.

"Alamu, siyani," ndinatero. "Denga likulankhula."

"Mantha ngati a mlongo wanu!" anaseka. "Wotuwa ndi kalozera. Pomwe wathera, wamoto, wa ndalama uja, ali pompo."

Anagamula chibenthu n'kuchinyambita, monga timachitira tonse, kuti malovu adzutse zofiira ndi zobiriwira ngati zilimo. Anachitembenuza patochi. Chinali phulusa lokhalokha. Ananyambitanso.

Pamwamba pathu panamveka kuti tswa! Mng'alu wa kudenga umene m'mawa sunkalowa chala, tsopano ukanameza dzanja. Makwerero otulukira anali kuseri kwa chipilalacho.

"Tiyeni, alamu. Ana anu akudikira."

Sanandiyang'ane. Anali atasuzumira m'bowo limene anaboola lija, ndipo m'kati mwake kena kake kanaphethira mobiriwira. Inenso ndinakaona.

"Gwirani tochi," ananong'ona, akukweza piki.

Ndinaigwira.